Zomwe galu amatisiyira pabwalo

Chaka chatha mu February, mvula ili pachimake, mchemwali wanga adandiimbira foni mawu akunjenjemera. "Achimwene, bwerani mudzaone phazi la mwanayu. Ine zandikulira."

Nditafika ndidapeza mwana wa zaka zinayi akulira, akukanda phazi mpaka magazi kutuluka. Pamwamba pa phazilo panali kamzere kofiira, kotukuka pang'ono, kokhotakhota ngati njira ya chiswe pakhoma. Mayi ake adati dzulo lake kamzereko kanali kafupi, koma pofika m'mawa kanali katatalikirako, ngati kuti pali chinthu chimene chikuyenda m'kati mwa khungu. Oyandikana nawo nyumba anali atayamba kale kunong'onezana kuti mwanayo waponda mankhwala.

Kuchipatala dokotala sadachedwe nalo phazilo. Adangoliyang'ana n'kufunsa kuti, "Mayi, kunyumba kuli galu? Nanga mwanayu amakonda kusewera pati?"

Galu analipo. Panalinso mulu wa mchenga umene alamu anga adagula kuti amangire khitchini, ndipo ndalama zitawathera mchengawo udakhala pansi pa mtengo wa mango miyezi inayi. Masana ana ankaumbapo nyumba, usiku galu ankadzithandizirapo. Dokotala adati chimene chinkayenda m'khungumo chinali kamphutsi ka njoka ya m'mimba mwa galu. Adapereka mapiritsi a albendazole, ndipo patapita masiku ochepa kuyabwa kudaleka, kamzere kaja n'kufota.

Alamu anga atamva adagwira pakamwa. "Komatu galu ameneyu ndidamubayitsa katemera," adatero. Mawu amenewa ndi amene andichititsa kulemba nkhaniyi, chifukwa ndikudziwa kuti ambirife timaganiza chimodzimodzi.

Katemera wa chiwewe sapha njoka

Pankhani ya chiwewe Amalawi tachangamuka. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi boma, lidabaya katemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, ndipo masiku ano munthu akalumidwa ndi galu amadziwa zothamangira kuchipatala. Zimenezi n'zoyamikika ndipo zipitirire. Koma katemera wa chiwewe amateteza ku chiwewe basi. Njoka zimene zili m'matumbo mwa galu sazikhudza n'komwe.

Pepani owerenga, m'nkhaniyi nditchula mawu amene sitikonda kuwatchula pagulu, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse: manyi a galu. Galu amene ali ndi njoka za m'mimba amatulutsa mazira a njokazo m'manyi ake. Mazirawo ndi aang'ono kwambiri moti saoneka ndi maso. Dzuwa likaumitsa manyiwo, mvula n'kuwasungunula, tsache n'kuwamwaza, ife timati pabwalo payera, pamene mazira aja angolowa m'dothi. Ndi dothi lomwelo limene khanda limakwawapo, atsikana amaseweretsapo phada, ndiponso mango amagwerapo ana n'kutola n'kungopukuta pamalaya.

Tisasokoneze zinthu. Njoka zambiri zimene ana athu amadwala zimachokera ku chimbudzi cha anthu anzathu, ndipo n'chifukwa chake azaumoyo amalimbikitsa zimbudzi ndi kugawa mankhwala a njoka m'sukulu. Njoka za galu zili ndi khalidwe lina. Thupi la munthu si kwawo, choncho zambiri zikalowa mwa ife sizikula n'kukhazikika m'matumbo monga zimachitira mwa galu. Zimasochera. Zimayendayenda m'khungu, m'chiwindi, m'mapapo, nthawi zina mpaka m'diso, ndipo kuyendayendako ndi kumene kumadwalitsa.

Imene imalowera kuphazi

Njoka imene idavutitsa mwana wa mchemwali wanga ndi ya mtundu umene akatswiri amautcha Ancylostoma. Ndi yaifupi, pafupifupi sentimita imodzi, ndipo imadziluma kukhoma la matumbo a galu n'kumayamwa magazi. Tiana ta galu timaitenga kudzera mumkaka wa mayi wawo. Kagalu kamene kali ndi njokazi kamafooka, nkhama zake zimayera, manyi ake amada ngati phula, ndipo kangathe kufa chifukwa chochepa magazi.

Mazira ake akagwera pa dothi lachinyezi, lofunda ndi lamthunzi, amaswa, ndipo pakatha masiku 5 mpaka 10 timphutsi take timakhala titakonzeka kuboola khungu la chilichonse chimene chapondapo kapena kukhalapo. Mchenga wonyowa ndiwo malo ake enieni. N'chifukwa chake vutoli limagwira kwambiri ana oyenda opanda nsapato, amisiri omanga nyumba, ndi anthu okhala pamchenga wa kunyanja kumene agalu amayendako. Kamphutsiko kakalowa mwa munthu kamalephera kupyola khungu, ndiye kamangoyenda chopingasa, sentimita imodzi kapena awiri patsiku, n'kumasiya kamzere koyabwa koopsa, makamaka usiku. Pakapita masabata angapo kamafa kokha, koma pofika pamenepo mwana amakhala atakanda mpaka zilonda, ndipo zilondazo zimalowa tizilombo tina. Kutema mphini, kuboola ndi singano kapena kuotcha pamalopo kumangowonjezera bala. Mankhwala alipo kuchipatala ndipo amagwira msanga.

Imene imalowera pakamwa

Yachiwiri, imene nayonso ndi yofala mwa agalu, ndi Toxocara canis. Ndi yoyera, yooneka ngati supageti, ndipo imatha kutalika mpaka masentimita 18. Amene adaonapo kagalu kakusanza njoka zoyera, ndi imeneyi. Chodabwitsa chake n'chakuti tiana ta galu timabadwa nayo kale. Timphutsi take timagona m'thupi la galu wamkazi kwa nthawi yaitali, ndipo akatenga bere timadzuka n'kulowa mwa ana ali m'mimba. Pakatha masabata atatu chibadwire, kagalu kamayamba kutulutsa mazira. Njoka imodzi yaikazi imatha kuikira mazira mpaka 200,000 patsiku. Ndiye taganizirani tiagalu tisanu tili pakhonde, ana akutinyamula ngati zidole.

Mazira a njoka imeneyi ali ndi chikamba cholimba komanso chomata. Amamatirira ku zala, ku ubweya wa galu, ku masamba a m'dimba, ndipo m'dothi lachinyezi amakhala amoyo miyezi yambiri, ngakhale zaka. Munthu amawameza mosadziwa: mwana woyamwa zala, mwana wokonda kudya dothi, mayi woyembekezera amene akutola dothi pamalo osadziwika, kapena aliyense wodya asanasambe m'manja. Nkhuku zathu zoyenda pabwalo nazonso zimatola mazirawa, kotero chiwindi cha nkhuku chosapsa bwino chingathe kumupatsira munthu timphutsito.

Anthu ambiri amene ameza mazirawa samva chilichonse, thupi limalimbana nawo palokha. Koma ena, makamaka ana aang'ono amene ameza ambiri, amatentha thupi, amatsokomola, amabanika ngati ali ndi mphumu, amamva kupweteka m'mimba, ndipo chiwindi chimatupa. Matendawa adadziwika bwino mu 1952 pamene katswiri wina wa ku New Orleans m'dziko la America, Paul Beaver, ndi anzake adapeza timphutsi ta njokayi m'chiwindi cha mwana wodwala.

Choopsa kwambiri n'chakuti kamphutsi kamodzi kokha kakafika m'diso kangathe kuliwononga. Mu 1950 mayi wina wofufuza za matenda a maso ku Washington, Helenor Campbell Wilder, adapima maso 46 amene madokotala adawachotsa kwa odwala, ambiri mwa iwo ana amene ankaganiziridwa kuti ali ndi khansa ya m'diso. M'maso 24 adapezamo timphutsi ta njoka kapena zotsalira zake, ndipo patapita zaka zingapo zidatsimikizika kuti tinali ta Toxocara. Vutoli kawirikawiri limagwira diso limodzi, ndipo mwana sadandaula msanga chifukwa linalo likuona. Kholo likaona kuti diso la mwana layamba kuyang'ana kumbali, kapena pakati pa diso pakuoneka poyera, lisadikire kuti ziona zokha. Zizindikiro zimenezi zili ndi zifukwa zingapo, ndipo zonse zimafuna dokotala wa maso mwamsanga.

Pali mfundo imodzi yolimbikitsa. Mazira a Toxocara akangotuluka mwa galu sakhala atakhwima. Amafuna masabata awiri mpaka anayi ali panja kuti athe kudwalitsa. Tanthauzo lake n'lakuti banja limene limachotsa manyi a galu tsiku ndi tsiku limakhala lawataya asanakhale oopsa. Amene amawasiya kuti aume okha ndi amene akuwapatsa nthawi imene akufuna.

Imene timamupatsa tokha galu

Yachitatu ndi yaing'ono kuposa zonse, mamilimita osapitirira 7, koma ndi imene ingamufikitse munthu pa opaleshoni. Dzina lake ndi Echinococcus granulosus. Iyi imazungulira pakati pa galu ndi ziweto. Nkhosa, mbuzi, ng'ombe kapena nkhumba ikadya udzu umene pali mazira ochokera m'manyi a galu, m'chiwindi kapena m'mapapo mwake mumamera zotupa zamadzi. Tsiku lopha chiwetocho, kaya ndi pa Khirisimasi, pa chinkhoswe kapena pa Eid, wosenda akaona chotupacho amachidula n'kuchiponyera galu amene wakhala pambali kudikira. Timati tamuchitira chifundo. Koma m'chotupamo muli mitu ya njoka yambirimbiri, ndipo pakatha masabata ochepa galu uja amayamba kumwaza mazira pabwalo.

Munthu satenga matendawa podya nyamayo. Amawatenga pomeza mazira ochokera kwa galu, kudzera m'manja, m'madzi kapena m'masamba osatsuka, ndipo mazira a njoka iyi amakhala oopsa akangotuluka, sadikira masabata. Chotupa chamadzi chimamera mwa munthu monga momwe chimamerera mwa nkhosa, kawirikawiri m'chiwindi, kenako m'mapapo. Chimakula pang'onopang'ono kwa zaka zambiri munthu osamva kanthu, mpaka chitayamba kupanikiza ziwalo. Chikaphulika m'kati munthu angathe kufa. Kuchiza kwake kumafuna opaleshoni kapena kuchipopa, pamodzi ndi mankhwala omwa nthawi yaitali. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 1 miliyoni ali ndi matenda a njoka za mtundu umenewu, ndipo lidawaika pamndandanda wa matenda a m'madera otentha amene salabadiridwa.

Kuno ku Africa dera lodziwika kwambiri ndi matendawa ndi Turkana, kumpoto chakumadzulo kwa Kenya, kumene abusa amakhala moyandikana kwambiri ndi agalu awo ndipo madzi ndi osowa. Koma pali maiko amene adawagonjetsa. Dziko la Iceland linali ndi odwala ochuluka m'zaka za m'ma 1800. Dokotala wa ku Denmark, Harald Krabbe, adapita kumeneko mu 1863, n'kupeza njokazi mwa agalu, ndipo adalemba kabuku kofotokozera anthu wamba mmene matendawa amayendera. Anthu atasiya kupatsa agalu zam'kati zaziwisi za nkhosa ndi kuyamba kuphera ziweto pamalo oyenera, matendawa adatha. New Zealand nayo idatsata njira yomweyo pamodzi ndi kumwetsa agalu mankhwala, ndipo mu 2002 idalengeza kuti matendawa sakupezekanso. Chimene chidagwira ntchito kumeneko chili m'manja mwa aliyense wopha mbuzi kuno kwathu.

Palinso ina yofunika kuitchula mwachidule, Dipylidium caninum, imene imayenda ndi nthata. Galu amaitenga akameza nthata podzinyambita. Tizidutswa take timaoneka ngati mpunga, timayenda pang'onopang'ono pansi pa mchira wa galu kapena pamalo amene amagona. Mwana wamng'ono akameza nthata mwangozi, njokayo imakula m'matumbo mwake. Sizichitika kawirikawiri ndipo zimachizika mosavuta, koma zimatikumbutsa kuti kuthana ndi nthata ndi mbali ya nkhani yomweyi.

Kodi galu wodwala amadziwika bwanji?

Kagalu kotupa mimba koma nthiti zili pamtunda, kaubweya wanyankhalala, kotsegula m'mimba, kosanza kapena kosakula, nthawi zambiri kamakhala ndi njoka. Koma musanamizidwe ndi maonekedwe. Galu wamkulu angathe kukhala wonenepa, wosalala, wouwa usiku wonse, koma akumwaza mazira tsiku lililonse. Njoka ya Echinococcus siimudwalitsa galu n'komwe. Kusaona njoka m'manyi si umboni woti mulibe, popeza chimene chimatuluka ndi mazira osaoneka. Galu wa kumpanda, wosambitsidwa ndi sopo wonunkhira, nayenso amakhala nazo ngati sadamwe mankhwala.

Zoyenera kuchita

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Tikafuna mlonda wa miyendo inayi, tivomerenso ntchito imene amabwera nayo. Ntchitoyo si yambiri.

Choyamba ndi mankhwala a njoka. Madokotala a ziweto amalangiza kuti kagalu kayambe kumwa kali ndi masabata awiri, kenako masabata awiri alionse mpaka katakwanitsa miyezi iwiri kapena itatu, kenakonso mwezi ndi mwezi mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Mayi wake woyamwitsa amwere limodzi ndi ana. Galu wamkulu azimwa miyezi itatu iliyonse, kanayi pachaka. Kumwetsa kamodzi sikukwanira chifukwa mankhwala amapha njoka zimene zilipo tsikulo, ndipo galu akapita kudzala amakatenga zina. Mankhwalanso amasiyana ntchito. Pyrantel amapha njoka zonga supageti ndi zoyamwa magazi zija. Praziquantel, amene ambiri timawadziwa ngati mankhwala a likodzo, ndi amene amapha Echinococcus ndi ya nthata ija. Alipo mapiritsi ophatikiza zonse. Mlingo wake umatsata kulemera kwa galu, choncho funsani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, dokotala wa ziweto, kapena mabungwe osamalira nyama monga LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre. Musamupatse galu mankhwala a ng'ombe mongoyerekeza, ndipo musamupatse mwana mankhwala a galu.

Chachiwiri, chimene sichifuna ndalama, ndi kuchotsa manyi a galu tsiku lililonse. Tengani khasu kapena fosholo, muwole pamodzi ndi kadothi ka pansi pake, mukataye m'chimbudzi chokumba kapena mukwirire m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime. Musasese ndi tsache limene museserenso pakhonde. Musathire m'dimba kapena m'kompositi ngati manyowa, manyi a galu si ndowe za ng'ombe. Ntchito imeneyi isapatsidwe kwa ana aang'ono. Mulu wa mchenga ufundidwe ndi lata kapena pepala lapulasitiki, ndipo dimba la masamba likhale ndi mpanda.

Chachitatu ndi chakudya cha galu. Zam'kati za chiweto zimene zili ndi zotupa zamadzi ziotchedwe kapena zikwiriridwe mozama moti galu sangafukule. Zabwinobwino zimene mukufuna kumupatsa muyambe mwaziphika. Chiweto chofa chokha chisatayidwe patchire. Ndipo galu azidya mokwanira kunyumba, chifukwa wanjala ndi amene amakasaka kudzala ndi kumalo ophera nyama.

Chachinayi ndi manja ndi mapazi athu. Ana asambe m'manja ndi sopo akamaliza kusewera ndi galu kapena padothi, komanso asanadye, ndipo zikhale zothirirana, osati banja lonse m'beseni limodzi. Zikhadabo zawo zikhale zowenga. Azivala nsapato, ngakhale masilipasi, makamaka nyengo ya mvula. Galu asanyambite nkhope ya mwana, mbale kapena miphika. Masamba odya osaphika ndi zipatso zotola pansi zitsukidwe bwino ndi madzi oyera. Khanda lokwawa liyalilidwe mphasa pamalo amene galu sagonapo.

Wina anena kuti, ine galu ndilibe. N'zoona, koma m'makwalala athu ambiri mulibe mipanda, ndipo galu wa mnansi sadziwa malire a puloti. Amadutsa pabwalo panu, pabwalo la sukulu, pamjigo ndi pamsika. Apa ndiye pamafunika kukambirana monga anthu okhala pamodzi. Mafumu ndi makomiti a zaumoyo m'midzi, amene amayendera zimbudzi ndi maenje a zinyalala, angathe kumafunsanso za agalu. Tsiku lobayitsa katemera wa chiwewe, mwini galu angathe kufunsa alangizi za mankhwala a njoka n'kuyambira pomwepo kuwerenga miyezi itatu.

Mukapita kuchipatala ndi mwana woyabwa khungu, wotsokomola mosalekeza kapena wovutika ndi diso, muwauze adokotala kuti kunyumba kuli galu, makamaka ngati kuli tiana. Mawu amenewo angawathandize kuganizira zimene akadaziphonya, chifukwa njoka zosocherazi sizioneka akayeza chimbudzi cha munthu monga zimaonekera njoka zathu zija.

Kwa mchemwali wanga kudali mkangano titabwerako kuchipatala. Mayi a mwana ankafuna galuyo achoke tsiku lomwelo. Alamu anga adakumbutsa kuti ndi galu yemweyo amene adathamangitsa akuba atabwera kudzaba mbuzi. Pomaliza adagwirizana kuti akhale. Mchenga uja adaufundika, mankhwala a galu adagula, ndipo masiku omwetsa adawalemba pa kalendala ya kuchipinda chochezera. M'mawa uliwonse, asanapite kuntchito, alamu anga amazungulira pabwalo ndi fosholo. Anzawo ena amawaseka kuti asanduka wantchito wa galu. Iwo amangoyankha kuti adaona phazi la mwana wawo, ndipo safuna kudzaona diso.